Tsiku Limene Sikuta ya Oupa Inakana Kuima

Ndikupatsani moni m'dzina la Yesu nonse amene mukuwerenga izi, makamaka inu abale anga a kuno ku Joni amene mumandiona ndikudutsa ndi basiketi ya ndiwo mu Pretoria North. Dzina langa ndine Esinati, kwathu ndi ku Ntcheu, koma kuno ambiri amangonditchula kuti amayi a sikuta. Ndili ndi mwendo umodzi. Winawo anaudula kuchipatala chifukwa cha matenda a shuga. Koma lero sindikulemba za mwendo ayi, umenewo ndinaulira kale n'kutha. Ndikulemba za liuma langa, limene likanandiphetsa pa maroboti Mulungu akanapanda kulowererapo.

Ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri kwa mzungu wina wokalamba amene tonse tinkamutchula kuti Oupa. Miyendo yake itafooka, ana ake anamugulira njinga ya batire ya matayala anayi, yokhala ndi mpando ndi basiketi kutsogolo, ija timati sikuta. Amene ankaipukuta ndi kuitchaja ndinali ine. Mmene ndinkatuluka m'chipatala muja n'kuti Oupa atamwalira, ndipo mwana wake wamkazi anabwera nayo pa galimoto mpaka kuchipinda kwanga. Anati bambo ake anasiya mawu akuti sikutayo apatse Esinati.

Inafika pa nthawi yake, chifukwa mwana wanga Tadala, amene amagwira ntchito ya m'nyumba nayenso, anali atayamba kale zoti andibweze kumudzi. Ine ndinakanitsitsa. Kumudzi ndinachokako kalekale, amuna anga anamwalira, nyumba inagwa. Ndikanapita kukangokhala pakhonde la mlamu wanga, kudikira kuti wina andimvere chisoni n'kundinyamula ndikafuna kuchimbudzi. Ine sindine munthu wotero. Sikuta itabwera tinapangana ndi Tadala kuti malinga ngati ndikutha kuyenda ndekha popanda ngozi, ndikhala kuno. Tsiku limene zimenezo zidzakanike, ndidzakwera basi popanda kutsutsa.

Ndinayamba kugulitsa ndiwo zakwathu: nkhwani, chisoso, therere, ndiponso usipa ndi nyemba zobwera pa basi. Ndinkayenda geti ndi geti, kufikira anzanga amene amakhala m'tizipinda takuseri kwa mabwana awo. Sindinapemphepo munthu chakudya, ndipo zimenezi ndimazinena monyadira, amene akuona ngati ndi matama aone choncho. Lamulungu loyamba ndinalowa nayo sikutayo m'tchalitchi mpaka kutsogolo n'kuchitira umboni. Abusa anaisanjika manja, amayi analulutira, ena analira. Kuyambira tsiku limenelo sinalinso sikuta wamba, inasanduka njinga ya chozizwitsa. Kukabwera alendo, abusa ankandiloza n'kunena kuti taonani zimene Ambuye amachita. Ine kumeneko ndinkamva kukoma, sindibisa.

Zaka zinayi inanditumikira mokhulupirika. Kenako mabatire anayamba kufooka, ndikatchaja tsiku lonse inkangofika pa msika n'kuyamba kukwawa. Apa ndi pamene abambo a mumpingo mwathu anaonetsa luso lawo. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito m'magadeni, ndipo mabwana awo akasintha mabatire a mageti ndi a maalamu, akale aja amangowataya. Abambowa anayamba kunditolera. Achimwene Filipo, wapampando wa abambo, ankalumikiza angapo ndi waya n'kuwamanga ndi malabala a chubu pansi pa mpando wanga. Ife Amalawi chinthu sititaya msanga, mukudziwa inunso. Sikuta ija inadzukadi, ndipo tinaimba nyimbo yothokoza kuti chozizwitsa chikupitirira.

Koma zizindikiro zinkabwera chimodzi pambuyo pa chinzake. Ndikakwera kachitunda, pansi pankatuluka fungo ngati la ayironi yoiwalidwa pa malaya. Chiwongolero chinayamba kugwedera. Mpando unapendekera kumanzere, moti ndinkaika kapilo kuti ndikhale mowongoka. Choipa kwambiri chinali buleki. Sikuta ilibe chopondapo ngati galimoto. Pali kachitsulo kamene umakanikiza ndi chala kuti iyende, ndipo ukangokasiya imayenera kuima yokha. Yanga inayamba kuchedwa kumva. Ndikasiya kachitsulo inkapitabe mapazi atatu, kenako asanu, kenako mmene yafunira.

Ndinkadziwa, abale. Munthu amene anaipukuta kuyambira ili yatsopano sangalephere kudziwa kuti yatha. Koma ndinatseka pakamwa pa zifukwa ziwiri. Ndikanena, Tadala akumbutsa pangano lija. Ndiponso ndikanayang'ana bwanji mpingo? Chinthu chimene ndinachitira umboni, chimene abusa anasanjika manja, ndiime n'kunena kuti chafa? Mumtima mwanga zinkamveka ngati kunyoza mphatso ya Mulungu. Ndiye ndinaphunzira kuimitsa sikuta ndi phazi langa limodzi lomweli, kulikhwekhwereza pa tara.

Tsiku lina Tadala atabwera kudzandiona ananyamula nsapato yanga n'kuitembenuza.

"Amayi, munthu woyenda pa sikuta nsapato imatha bwanji chonchi?"

"Nsapato za masiku ano n'zachabechabe. Wabwera kudzandiona kapena kudzayendera nsapato?"

Anaibweza pansi nsapatoyo, ine n'kumadziona ngati ndapambana. Atapita ndinatenga mafuta odzozera n'kupaka pa chiwongolero ndi pa matayala onse anayi. Ndinasala kudya masiku awiri, munthu wa shuga, zimene adokotala anandiletsa. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ichiritseni, musalole kuti ndichite manyazi. Sinachire. Ndinayamba kuopa msewu umene ndinkaukonda. Ndinafika podzifunsa ngati Mulungu watopa nane.

Lachinayi lina masana ndinakasiya nkhwani kwa kasitomala wina amene amakhala kumtunda, m'munsi mwa phiri. Pobwerera pali mtsetse wautali umene umakathera pa maroboti a msewu waukulu. Nditafika pakati ndinasiya kachitsulo kaja, koma palibe chinachitika. Ndinaponda pansi, nsapato inavuka n'kutsala m'mbuyo. Roboti inali yofiira kwa ine, ndipo magalimoto anali atayamba kale kudutsa. Sindinathe kupemphera pemphero lalitali, ndinangofuula dzina la Yesu.

Amene amandidziwa akudziwa mmene ndinkadanirana ndi madalaivala a matekisi. Akandiimbira hutala ndinkawabwezera mawu amene mayi wa mpingo sayenera kunena. Koma tsiku limenelo Mulungu anasankha mmodzi wa iwo. Dalaivala wina anandiona ndikutsika phazi lili m'malere, ndipo anapingasa tekisi yake pakati pa msewu n'kutsekereza magalimoto onse, hutala ali pii. Ndinadutsa mphambano yonse osagundidwa, n'kukawomba mulu wa mchenga wa omanga kutsidya. Ndinagwa chammbali, mkono unasupuka, ndiwo zinamwazika.

Dalaivalayo anali bambo wamkulu thupi, wa mtundu wa Apedi a konkuno. Anandidzutsa mosamala, anakatola nsapato yanga, n'kusamutsira anthu ake m'tekisi ina. Nditakana zopita kuchipatala, anakweza sikuta kumbuyo n'kunena kuti akunditengera ku Pretoria West kwa mkulu amene amakonza zamagetsi za tekisi yake. "Ndi Mnyasa mnzanu, mme," anatero, "mukakanganirane m'chilankhulo chanu."

Mkuluyo anali abambo Banda, wa imvi, wobadwira konkuno. Bambo awo anabwera nthawi ya migodi, ndipo Chichewa chawo n'chothyokathyoka. Anaigoneka sikuta ija chagada n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakokera pafupi mpando umene anandikhazikapo kuti ndione ndekha. Chitsulo chachikulu chimene chimanyamula mpando chinali chitang'aluka, dzimbiri lili mbwee. Injini inali yakuda ndi kupsa. Awiri mwa mabatire a mageti aja anali atatupa, ndipo waya wina anali atasungunuka pansi penipeni pa pamene ndimakhala.

"Eish, mama," anatero. "Batire timasintha. Tayala timasintha. Koma msana ukathyoka, buleki yafa, injini yapsa, chatsala n'chiyani? Ndi mtundu uwu anasiya kalekale kupanga zipangizo zake."

Ndinawauza kuti awotcherere. Anati akawotcherera apa idzathyoka pena, ine ndili pamwamba. Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti asayankhule ngati akunena za wilibala, imeneyi ndi mphatso ya Mulungu, abusa anaipempherera, mpingo wonse ndi mboni.

"Mulungu anakupatsani kuti muziyenda, mama," anayankha mofatsa. "Sanakupatseni kuti mufere pa chitsulo."

Atanena mawu amenewo nkhope yawo inasintha, ngati awabaya okha. Analowa m'kachipinda kakumbuyo, ndipo ndinamva akukoka zinthu. Anatuluka akukankha china chake chofundikidwa ndi nsalu ya pabedi. Atavundukula inali sikuta yabuluu, yonyezimira. Anati inali ya akazi awo amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Sabata iliyonse ankaitchaja ndi kuiyendetsa pabwalo kuti isafe, ndipo aliyense wofuna kuigula ankamubweza. "Ndikukukalipirani inu kuti simufuna kusiya," anatero, "koma nanenso ndine yemweyo. Tengani, izipita kutchalitchi ngati kale."

Ine ndi kunyada kwanga ndinayamba ndakana. Iwo sananditsutse, anangondiika makiyi m'manja n'kubwerera ku ntchito yawo. Ndinalira pamaso pa anthu achilendo, chinthu chimene sindinachite ngakhale tsiku londidula mwendo. Ndinkapempha kuti Mulungu achiritse chakale, pamene Iye anali atasunga kale chatsopano m'manja mwa munthu amene sindinkamudziwa n'komwe.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Tadala anafika madzulo omwewo, anaona mkono wanga, anamva zonse. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Munandinamiza, amayi. Ndikanamva kwa apolisi. Basi ikunyamuka Loweruka la sabata yamawa, ndipo mukwera." Ya buluu ija sanaiyang'ane n'komwe. Anati vuto si sikuta, vuto ndi mayi amene amabisa.

Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona. Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi pa sikuta yabuluu ija mpaka kutsogolo, Tadala atakhala kumbuyo. Ndinauza mpingo kuti njinga ya chozizwitsa ija yafa, kuti inayamba kufa kalekale, ndipo ine ndinkabisa poopa manyazi. Ndinathokoza achimwene Filipo ndi abambo onse chifukwa cha chikondi chawo, koma ndinawauza kuti mabatire a mageti azisiya ku mageti. Anthu anaseka, achimwene Filipo anagwira kumaso. Kenako ndinatembenuka n'kupepesa mwana wanga pamaso pa onse. Kwa mayi ngati ine, kupepesa mwana pagulu kunali kovuta kuposa kugwa pa mchenga paja.

Titatuluka Tadala anati timuke ku mtsetse uja. Anandisiya pamwamba, iye n'kutsika wapansi mpaka pafupi ndi maroboti. Anaima pakati penipeni pa njira yanga, manja atapinda.

"Mukuti iyi ili bwino," anatero mokweza. "Ngati mukunena zoona, tsikani. Ine sindisuntha."

Abambo Banda anali atandiyesetsa buleki imeneyo kambirimbiri pabwalo pawo, komabe ndinkaopa kuti ndimugunda. Pamenepo ndinamvetsa zimene mwanayu ankamva tsiku ndi tsiku, kuona munthu amene umamukonda ali panjira ya ngozi. Ndinakanikiza kachitsulo, ndinatsika, phazi langa lili pamalo pake. Nditayandikira ndinasiya. Sikuta inaima nji, patatsala mkono umodzi kuti ndifike pa mawondo ake. Tadala anandiyang'ana kanthawi, misozi ikutsika, kenako anati, "Ikadzangoyamba kuchedwa kuima, woyamba kumva ndikhale ine." Ndinalonjeza, ndipo lonjezo limeneli ndikulisunga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha mosiyana ndi mmene ndinapemphera. Ndikuthokoza dalaivala uja, amene dzina lake sindinafunse n'komwe, ndi abambo Banda amene tsopano amadya nkhwani wotendera sabata iliyonse, afune asafune. Inu amene mumayenda pa sikuta kapena muli ndi kholo lotero, mverani zimene chitsulocho chikukuuzani. Ikayamba kununkha kupsa, ikapendekera, ikamachedwa kuima, pitani nayo kwa odziwa ndipo mulandire zimene akuuzeni. Kuvomereza kuti mphatso yatha ntchito sikunyoza amene anaipereka. Ndipo inu amene muli pa mtsetse wanu lero, musaleke kupemphera, koma musabisirenso anthu amene amakukondani.

Ine ndidakali muno mu Pretoria North, ndikuyenda ndekha, ndikudya za thukuta langa. Loweruka lija basi ya kumudzi inanyamuka popanda ine. Ambuye alemekezeke.