Pulayala Yoluma Yosasiya

A Chiphaliwali, mmisiri wowotcherera zitsulo, anafika pa shopu ya zida ya mlamu wawo akukankha wilibala, pamwamba pake patagona chitseko chachitsulo, ndipo m'mphepete mwa chitsekocho pulayala itaima njo ngati nyanga. Mlamu wawoyo, mlongo wake wa akazi awo, anthu ankamutcha Ndendende, chifukwa mawu ankawalandira monga momwe atulukira m'kamwa, osachotsa osawonjezera.

"Tuluka udzaone galu wako!" anakuwa a Chiphaliwali, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Ndendende anasuzumira pakhomo, anayang'ana uku ndi uku. "Agalu sitigulitsa, alamu."

"Ndikunena chinthu ichi unandigulitsa dzulo! Chaluma, chakana kusiya."

"Ehe, pulayala." Ndendende anatuluka, anayigwedeza, chitseko chonse chinagwedezeka pamodzi ndi wilibala. "Yaluma ndithu. Zikomo pobwera kudzandiuza."

"Zikomo? Iwe, ukuyesa ndakankha chitsekochi msewu wonse uno kudzakuyamika?"

"Nanga si munati mukufuna yoluma yosasiya?"

"Ndinati yosasiya pamene ndikuwotcherera!"

"Mawu a pamenewo simunawanene, alamu. Munathera pa yosasiya."

A Chiphaliwali anayang'anitsitsa pulayala ija. Zaka zonse za umisiri wawo, chida chotere sanachifunepo. Zitsulo ankawagwirira ndi akazi awo, mpaka tsiku lomwe nthethe ya moto inaboola diresi latsopano, mayi nanena kuti amene akufuna wogwira zitsulo akakwatire chitsulo. Tsono onani, tsiku loyamba lomwe, chitsulo chija chawachititsa manyazi pamsewu.

"Tamvera," anatero, akutsitsa mawu. "Chitsekochi n'cha anamwino aja. Alowa m'nyumba yatsopano, pakhomo akutsekapo ndi kabati. Anena kuti chikapanda kufika lero, ntchito ya mazenera onse apatsa kamnyamata ka tsidya la msewu kaja, kowotcherera ngati nkhuku yanyera. Madzi afika m'khosi."

"Ndikutungireni ena? Muli m'chigubu m'katimu."

"Sindikufuna madzi!"

"Chabwino. Poti afika kale."

"Iwe Ndendende, ndinakwatira mlongo wako iwe uli ndi mamina mpaka pachibwano. Lero ukufuna kundigwira m'maso?"

Ndendende anaonetsa manja ake onse awiri. "Maso anu sindinawakhudze. Afiira ndi moto wanu womwe uja, poti magalasi mumakana."

"Zisiye za maso angazo! Tsegula kukamwa kwa chinthuchi."

"Mumangodina kachitsulo kam'kati mwa mwendo. Taonani." Ndendende anawerama, anapisa chala pakati pa miyendo ya pulayala, anadina. Anadinanso. Anavala magalasi ake, nayandikitsa mphuno. "Alamu, kachitsulo kaja kali ndi chipsera."

"Kati? Kaja kankagwedera kaja?"

"Komweko."

"Ndinakawotcherera," anatero a Chiphaliwali, akutukumula chifuwa. "Chida chatsopano n'kumalira khwechekhweche ngati thumba la makiyi? Ntchito ya ulesi ya anthu a kufakitale. Ndinawamalizira."

"Ndi kotsegulira kameneko."

"Bodza! Kotsegulira n'kukhala kogwedera? Chinthu chofunika sichigwedera."

"Lilime limagwedera, alamu."

"Lako ndi limene likufunika kuwotcherera!"

Ndendende anatseka pakamwa msanga, kenaka analankhulira m'mano. "Tiyese kumasula bawuti wa kumchira. Nthawi zina amathandiza." Anagwira bawutiyo, anapotokola mpaka mitsempha inatuluka m'khosi. Anaweramanso. "Kunonso kuli chipsera."

"Ankazungulira yekha ameneyo. Bawuti wanji wosadziwa pokhala?"

"Ntchito yake ndi kuzungulira."

"Ngati iwe, eti? Kungozungulira m'shopu kugulitsa anthu zinyalala!"

"Zinyalala amatenga Lachiwiri, alamu. Ndipo sindigulitsa, amangotenga."

Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. A Chiphaliwali anaona telala wa khomo loyandikana atasiya makina ake, ataima pazenera, kukamwa kuli yasa. Anakokera mlamu wawo m'kati mwa shopu, pa kauntala.

"Tulutsa zina. Ndione ngati m'nyumba muno muli chida chenicheni."

Ndendende anayala mapulayala pa kauntala, motsatana msinkhu. "Iyi ya mano okhota ndi ngati yanuyo, imagwira mapaipi ndi mabawuti odyeka mutu."

"Nkhwangwa yopanda mpini."

"Iyi ya mlomo wautali imalowa popanikizika."

"Mlomo ngati wa apongozi anga. Chotsa!"

"Amayi mlomo wawo ndi waufupi, alamu. Ndinatengera iwowo."

"Pitiriza!"

"Iyi ya manja ngati nkhanu ndi imene amagwiritsa ntchito owotcherera. Imakumbatira chitsulo cha ngodya ndi lata pamodzi, osakanda penti. Pa ntchito ya chitseko, yanu inali imeneyi."

A Chiphaliwali anayang'ana nkhanu ija, nayang'ana mlamu wawo. "Ndiye dzulo unali kuti osandiuza?"

"Ndinali pompano. Ndinayamba kunena, inu munati, 'Usandiuze kanthu, zitsulo ndinazidziwa usanabadwe.'"

"Ndiye iwe n'kukhaladi chete?"

"Sindinakuuzeni kanthu."

"Mwana wa munthu, mutu wakowo muli phala la simenti!"

"Simenti yatha, ibwera mawa."

A Chiphaliwali anatola nkhanu ija mwaukali, anayilumitsa m'mphepete mwa kauntala. Inati kha! Anayikoka, siinasunthe. Mumtima anavomera kuti yagwira bwino, koma nkhope anayikwinya ngati anunkhiza chowola. Ndendende anatambasula chala chimodzi, anadina kachitsulo kam'kati, nkhanu inati phwa, n'kugwera m'dzanja lake.

"Basi?" anafunsa a Chiphaliwali.

"Basi."

"Chala chimodzi?"

"Ngakhale chaching'onochi."

"Hahaha! Ndiye umati chida chimenechi? Kungochikhudza pamimba n'kusiya ntchito! Chamantha! Chaulesi! Nanga mwana atadutsa n'kudina, chitseko chili m'mwamba, si ndiye maliro? Yanga ija waimenya, waipotokola, yasiya?"

"Siinasiye."

"Ndi iti yamphamvu pamenepa?"

"Yanu, alamu."

"Nena mokweza, telala amve!"

Ndendende anapita pakhomo, anakweza mawu. "Atelala! Pulayala ya alamu siisiya!"

"Ndaona!" anayankha telala, akuseka mpaka kugwira khoma.

A Chiphaliwali anamenya kauntala. "Bwera kuno, chitsiru! Tsono popeza wavomera wekha, undisinthire."

"Ndikupatseni yofooka m'malo mwa yamphamvu?"

"Undipatse yo... iwe, undisinthire basi!"

"Palibe vuto. Bwezani yakaleyo, ndiyipachike pa msomali wake."

"Ili panja apo. Katenge."

"Ili ndi chitseko."

"Ndiye?"

"Msomali sungapirire. Komanso anamwino adzagona ndi kabati mpaka liti, chitseko chawo chili pa khoma langa?"

"Ndani wati utenge chitseko?"

"Pulayala, alamu. Ndi imene yakana kubwera yokha." Ndendende anakanda m'mutu. "Kapena muidule ndi galayinda."

"Ndidule? Chida chomwe ndachikonza ndi manja anga, choposa zonse zili m'shopu mwako muno? Ndipo moto wa galayinda ukawaula penti, upenta ndiwe? Usandipsetse mtima!"

"Nawonso mwauwotcherera?"

A Chiphaliwali anatuluka panja, anakhala pa mkono wa wilibala, manja m'masaya. Dzuwa linali litapendeka. M'maganizo mwawo ankaona kamnyamata ka tsidya la msewu kakuyeza mazenera a anamwino, kakuimba mluzu. Ankaonanso akazi awo madzulo, akumva nkhani yonseyi kuchokera kwa mlongo wawo, amene sadziwa kudumpha ngakhale liwu limodzi.

Ndendende anawatsatira. Anazungulira wilibala pang'onopang'ono, akuwerenga ndi chala. "Mahinjesi alipo. Malo a loko alipo. Penti ndi wabwino, alamu." Anaima. Anasuzumira kunsi, anayang'ananso pamwamba. "Koma anamwino azikoka pati?"

"Azikoka chiyani?"

"Chitsekochi. Chogwirira sindikuchiona."

A Chiphaliwali anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana chitseko kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Chogwirira chinali chidakali pa benchi ku malo awo a ntchito, pomwe anachisiya m'mawa, nkhondo ya pulayala isanayambe. Kenaka maso awo anatera pa pulayala ija, itaima pambali pa malo a loko, pa msinkhu wa dzanja la munthu ndendende. Anayigwira. Anakoka, chitseko chinadzuka. Anakankha, chinagona. M'dzanja inkakhala bwino, yosalala, yosagwedera ngakhale pang'ono.

Anakhosomola, navala chipewa.

"Maso uli nawo a chiyani iwe? Chogwirira si ichi?"

"Imeneyo ndi pulayala, alamu."

"Inali pulayala ili m'manja mwa mbuli. Yafika kwa mmisiri. Wakuba abwere ndi sipanala, aone ngati achotsa! Kanditengere ina ya mano okhota, ikakhale chogwirira cha m'kati. Kapena ukufuna anamwino akalowa asatulukenso?"

Ndendende analowa, anabwera nayo. "Kachitsulo kotsegulira kali apa. Mumangodina..."

"Ndakaona. Ndikakakonza."

Anaponya pulayala yatsopano mu wilibala, anatukula mikono yake, nauyamba ulendo mutu uli m'mwamba, osayang'ana n'komwe kwa telala. Ndendende anatsala pakhomo akuphethira.

"Alamu!" anaitana. "Ndiye dandaulo lanu lija linali lotani? Achemwali akandifunsa ndinene chiyani?"

A Chiphaliwali anaima, anacheuka, namuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ukawauze kuti mlongo wawo ndi mbuli. Shopu yanji yogulitsa zogwirira chitseko zabwino chonchi n'kumazitcha pulayala?"