Zidindo za Mayi Tryphena Thole

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1905 kuno ku Chikale. Dzina lawo ndi Mayi Tryphena Thole, ambiri mumawadziwa kuti anyaManda. Anaphunzira ku Bandawe mpaka Sitandade 4, ndipo anali m'gulu la atsikana owerengeka otha kulemba kalata m'Chingerezi.

Mu 1925 anakwatiwa ndi Bambo Paston Thole, Mulungu nawapatsa ana awiri. Mu 1932 bamboyo anapita ku migodi ya ku Joni. Makalata anabwera zaka zitatu, kenaka anasiya. Malemu anadikira mpaka 1944, pamene munthu wina wobwerera kwawo ku Usisya anawauza pamsika kuti amuna awo anaikidwa m'manda mu 1936.

Kuyambira pamenepo ankagulitsa chinangwa pamsika pomwepo, uku akulembera amayi anzawo makalata opita kwa amuna awo.

Mu 1953 analemba pempho kwa opanga malamulo a dziko lino, lakuti pakhale lamulo lokakamiza olemba anthu ntchito kunja kutumiza uthenga kumudzi munthu akamwalira. Anayenda wapansi mpaka ku Chintheche kupempha amayi kuti adinde chala. Koma chinali chaka cha Chitaganya, ndipo anthu ankaopa pepala lililonse. Kunamveka mphekesera yakuti anyaManda akugulitsa dziko. M'tchalitchi amayi anayamba kuwasiyira benchi yonse. Ifenso abale awo, tivomere pamaso panu, tinaleka kuponda pakhomo pawo. Ine mlongo wawo nditawapempha kuti asiye, anangoti: "Reuben, iwe sunadikirepo munthu."

Anapeza zidindo 41 zokha, natumiza pempholo. Analembanso mu 1955, ndiponso mu 1956. Sitima ya panyanja ikakocheza, ankatsetsereka okha kukafunsa ngati kwabwera kalata yawo.

Mu Januwale chaka chino cha 1958 anayamba kudwala chifuwa. Yankho linafika mu Epulo, la mizere inayi, lonena kuti nkhaniyo idzakambidwa. Maso awo anali atafooka, choncho amene anawawerengera ndi mwana wawo Flora, ndipo malemu anapempha kuti abwereze. Atatero anamutuma kuti akadziwitse amayi onse amene anadinda aja. Flora anapeza 26. Ena anamwalira, ena anasamuka.

Malemu anatisiya m'mawa wa pa 2 Juni, ali ndi Flora yekha pambali pawo.

Asiya Flora, mwana wawo wamwamuna Gresham amene ali pa ntchito ku Bulawayo ndipo sanathe kufika, zidzukulu zisanu, ndi ine. Tikuthokoza abusa, amayi a mpingo amene anasambitsa thupi, adzukulu okumba manda, ndi asodzi a ku Mwaya amene anapereka matabwa a bokosi. Tikuthokozanso inu nonse. Mwabwera ambiri lero. Chaka chino chonse pakhomo pano sipanafikepo anthu khumi.

Mzimu wa anyaManda uuse mumtendere.