Ndinamanga pa Malo a Eni

— Halo? Ababa?

— Halo? Ndani?

— Ndine Ireen. Mwaflasha katatu, ndiye mukufunsanso kuti ndani?

— Oho, mwana wanga. Dikira ndikwere bwinobwino pachulupa, pansi netiweki sifika. Eya. Ukundimva?

— Ndikukumvani. Mwaswera bwanji?

— Taswera. Kaya inu ku Lilongweko?

— Tili bwino, ababa.

— A Bryson?

— Ali bwino, ali ku ntchito.

— Nanga mdzukulu wanga Tiyamike? Chifuwa chija?

— Chinatha. Ali ku sukulu. Kumudzi kuli bwanji? Atsibweni ali bwanji?

— Alipo. Onse alipo. Kungoti chiperoni chatigwira kuyambira Lolemba, phiri silikuoneka n'komwe. Kamvula kosaleka, kongonyowetsa munthu pang'onopang'ono.

— Ndiye mwavala juzi ija ndinakutumizirani?

— Ija ndi ya kutchalitchi.

— Ababa! Ndinagula kuti muzivala kukazizira.

— Yakale ikadali ndi moyo. Ndaisoka m'zigongono, yabwerera mwakale.

— Mwadya chiyani lero?

— Ndadya.

— Ndafunsa kuti chiyani.

— Chinangwa ndi tiyi.

— Wa shuga?

— Shuga ndi wa alendo. Tiyi ndi masamba, mwana wanga. Ndikawiritsa ndimawayanika pawindo, mawa agwiranso ntchito. Tsiku lachitatu amangopereka mtundu, koma kutentha kumakhala komweko.

— Munthu munagwira zaka twente-eyiti ku esiteti ya tiyi, tsiku ndi tsiku mukuyeza masamba pasikelo, lero mukuyanika masamba owiritsa kale?

— Ndinkayeza a eni aja.

— Nanga ndiwo?

— Nandolo. Ndimaphika mphika umodzi, undifikitse masiku atatu. Nkhuni sizitha msanga ukatero. Mayi ako ndi amene ankasonkha moto katatu patsiku, ine ndinkangong'ung'udza. Pano palibe wong'ung'udzira.

— Musayambe, ababa, ndili pa lanchi. Ndibwerera kukauntala maso ali ofiira.

— Ayi, sindikuyamba. Sopo uja ndinamudula panayi, kagawo kachiwiri ndi kamene ndikusambira. Wailesi ndimatsegula pa nkhani zokha. Foni ndimakatchajitsa pa Chonde tsiku la msika, wapansi, njinga ndinaipachika poti tayala latha. Ndikukhala, usadandaule.

— Kumeneko ndi kukhala?

— Anatipumitsa tisanatope, Ireen. Zaka fifite-wanu, munthu mphamvu zili tho, akuti madala pitani mukapume, ntchito yachepa. Wopuma msanga amayenera kudya mochenjera, poti sadziwa kuti njira ndi yaitali bwanji. Mpaka lero m'mawa ndimadzidzimuka, n'kuvala nsapato, kenako n'kukumbuka kuti palibe akundidikira.

— Chabwino. Koma simunaflashe katatu kuti mundiuze za sopo. Mayunitsi anga si ambiri. Kwagwanji?

— Palibe chachikulu.

— Ababa.

— Halo? Ukuduladula.

— Sindikuduladula, mukundimva bwinobwino. Nenani.

— Atsibweni ako a Sitefano anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Anabwera ndi ankhoswe.

— Ee?

— Akuti Loweruka likubwerali andisudzule.

— Aa, zimenezo? Si mwambo chabe umenewo? Miyezi isanu yatha chimwalirire amayi. Angokumasulani kuti maliro atha.

— Iwe wakhalitsa m'tauni. Kusudzula ndi kuuza munthu kuti ukwati watha, ndiwe mfulu, nyamula zako ubwerere kwanu. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Chondikhalitsa pano chinali Ernestina, ndipo Ernestina tinamuika mu Febuluwale.

— Anena choncho? Kuti muchoke?

— Ananena mwaulemu, atavula chipewa. Akuti, "Alamu a Alufeyo, mwatisungira mlongo wathu mpaka mapeto, sitikudandaula nanu. Tsopano tikupatseni njira." Ndinawaphikira tiyi wa masamba atsopano, ndi shuga yemwe.

— Inu munayankha chiyani?

— Ndinati ndamva. Mkamwini amayankha chiyani china? Koma atapita ndinakhala pakhonde n'kudzifunsa kuti kwathuko ndi kuti. Ine ndinabadwira m'malaini a esiteti, nyumba nambala seveni, ndipo mmenemo muli banja lina. Makolo anga anachoka ku Mozambiki kudzathyola tiyi, manda awo ali kuseri kwa fakitale. Mudzi wa amayi anga uli kupitirira Milanje, ku Mozambiki komweko. Ndinauona kamodzi ndili ndi zaka sikisi, nkhondo isanauotche. Ndikafike ndikafunse ndani? Chilomwe chinandithawa pakamwa, Chipwitikizi ndimangodziwa moni wa bondiya.

— Koma nyumbayo munamanga ndinu! Njerwa munaumba nokha, ine ndikuona.

— Nyumba ndi yanga, dothi ndi lawo. Ndiisenze?

— Mayo ine.

— Cholakwa ndi changa. Ukuwakumbuka a Kingstone, aja tinapuma tsiku limodzi? Iwo anagula kapuloti pa Chonde. Ine ndinawaseka pamaso. Ndinati kugula dothi pomwe kwa akazi ako kuli dothi laulere ndi uchitsiru. Mayi ako anandiuza, "Bambo, gulani ngakhale kakang'ono, mawa sadziwika." Ndinakana. Ndinati m'malo mwa puloti tigule malata olimba, osadontha mpaka adzukulu. Ndinkayesa ndachenjera. Ndinkaganiza kuti wotsogola ndine, poti mwamuna ndi amene amayamba kupita.

— Musadziweruze choncho.

— Malatawo ndi abwinodi, sakudontha. Tsono tamvera, Ireen, chomwe ndaflashira ndi ichi. Pa mwambo wawo womwewo, nyumba ndi munda wa mayi ako mwini wake ndiwe. Mwana wamkazi wa Ernestina ndiwe wekha. Ukangonena pamaso pa atsibweni ako kuti nyumba yanga andisungire ndi ababa, palibe angatsutse. Andisudzule, chabwino, koma ndikhala ngati mlonda wako. Sindifuna zambiri ine. Chipinda chimodzi ndi kamunda ka kuseri.

— Iii...

— Halo? Ireen? Yadukanso?

— Ndilipo.

— Wamva zomwe ndanena?

— Ndamva. Ababa, atsibweni anandiimbira mwezi watha.

— Anakuimbira? Sanandiuze.

— Anati inu nomwe mwanena kuti nyumbayo yakukulirani, mukufuna kuchoka. Anati simugona, chilichonse chikukukumbutsani amayi.

— Ine?

— Simunanene?

— Ndinanena tsiku lobwera kumanda. Ndinali pakhonde, anthu akubalalika, ndinati nyumba iyi yandikulira, bola ndingochoka. Munthu wofedwa amayankhula, Ireen. Mawu a tsiku limenelo amatoleredwa?

— Iwo anatola. Ndiye anandipempha za Lily, mwana wa amayi aang'ono. Mukudziwa kuti chigwetsereni nyumba yake namondwe uja akugona m'khitchini kwa atsibweni ndi ana anayi, mwamuna anathawira ku Joni. Anati m'malo moti nyumba ya mlongo wanga ikhale ya mileme, alowemo Lily.

— Iwe unati chiyani?

— Ababa...

— Unati chiyani?

— Ndinavomera.

— Oho.

— Ndinkayesa ndi zomwe mukufuna! Ndinkati mukasudzulidwa mubwera kuno, tinayamba kale kukambirana ndi a Bryson.

— Osandifunsa mwini wakene?

— Ndinakuimbirani katatu sabata imeneyo, foni yothima. Lamulungu nditakupezani, ndisanayambe n'komwe munati, "Tili bwino, usathe mayunitsi," n'kudula. Mumatero nthawi zonse. Atsibweni anayankhula nane mpaka foni kutentha, inu simunandipatseko ngakhale mphindi ziwiri.

— Ndinkakusungira.

— Mwandisungira chiyani tsopano?

— Ndiye chifukwa chake. Dzana Lily anabwera kudzandisesera pabwalo, anapukuta ndi mawindo omwe, anafunsa ngati chitseko cha kuseri chimakhoma. Ine mumtima ndinati mwanayu ali ndi chisoni ndi ine. Ndinamupatsa mbatata.

— Pepani, ababa. Pepani kwambiri. Ndiwaimbira atsibweni pompano, ndiwauza kuti ndasintha.

— Mawu ako anafika kale kwa ankhoswe. Ukabweza pafoni adzati mkamwini wamunyengerera mwana kuseri. Mawu a pafoni sakhala pamphasa. Uyenera kubwera wekha, ukhale pansi pakati pa azimayi ako, akuone pamaso ukunena.

— Loweruka lomweli?

— Lomweli. M'mawa.

— Tchuthi changa chinathera kumaliro. Abwana anandiuza kuti ndikajombanso Loweruka ndisabwerenso. Ndipo ndikabwera ndikanene chiyani kwa Lily? Kuti bwerera m'khitchini ndi ana ako? Mbumba yonse idzandida, ababa. Kumeneko ndi kwathu, ndidzaikidwa komweko.

— Ndikudziwa. Iwe uli nako kwanu.

— Musatero. Bwerani kuno. Tikuyalirani pabalaza, Tiyamike asangalala.

— Zipinda ziwiri za lendi. Ine ndizigona pabalaza, a Bryson azindilumpha m'mawa popita kosamba? Munthu ndi mpongozi wake? Ndipo m'tauni ngakhale masamba a chinangwa ndi ogula. Kuno ndimadzidyetsa ndi khasu langa, sindipempha munthu. Kumeneko ndikakhala katundu.

— Simungakhale katundu kwa ine.

— Mwezi woyamba ayi.

— Chabwino. Ndikapempha. Ndikawagwadira abwana, ndikanena kuti mwadwala. Ndikwera basi ya Lachisanu madzulo, ku Limbe ndikagwira minibasi yoyamba. Sindikulonjeza, koma ndiyesa. Inu foni isathime mpaka Loweruka, mwamva? Kaitchajitseni lero lomwe, musadikire tsiku la msika.

— Ndamva. Kungoti... dikira.

— Chiyani?

— Kukubwera anthu panjira ya kumpope. Alowera kwathu.

— Ndani?

— Lily. Wasenza matiresi. Ana ali pambuyo, wina mtolo wa zovala, wina ndowa ndi mapoto. Wamng'ono uja wanyamula nkhuku.

— Lero? Si anati Loweruka?

— Adzati tikungosungitsa, khitchini ikudontha. Ndipo ikudonthadi, ndinaiona.

— Ababa, musatsegule. Katundu akangolowa m'nyumbamo, nkhani yatha, ngakhale nditabwera. Mukudziwa inunso.

— Ndikudziwa.

— Ndiye khalani pomwepo. Asakuoneni. Ndiwaimbire kaye atsibweni.

— Andiona kale. Ana akundikodola, akuti agogo, agogo. Aima pakhomo, matiresi akunyowa.

— Anyowe! Masiku atatu okha, ababa, ndikukupemphani.

— Wamng'onoyo alibe ndi juzi yomwe, Ireen. Mayi ako akanakhala kuti alipo, bwenzi atatsegula kale, madzi ali pamoto.

— Amayi kulibe! Mukatsegula mukagona kuti inuyo?

— Kiyi ali m'thumba mwangamu. Sangaime pamvula ine ndili pano. Upereke moni kwa a Bryson, ndikutsika.

— Ababa, dikirani kaye, tamverani... Halo? Ababa? Halo?