Ananditsitsa M'minibasi pa Mitundu

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo a kuno ku Nathenje. Ine ndine Nankhoma, ndachokera ku Mitundu. Zimene ndinenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero. Koma ndinena.

Pa uchembere wanga woyamba ndinavutika nthawi yaitali kumudzi. Mwana sanakhale moyo. Ine ndinatsala ndi vuto: mkodzo unkangotuluka wokha, usana ndi usiku. Bambo a kunyumba anapirira pang'ono, kenako anati akukalima fodya ku esiteti. Sanabwerenso. Kutchalitchi ndinkakhala panja, mawu a Mulungu n'kumawamvera pazenera.

Matipate atangolowa, nthawi imene minibasi zinayamba kuchuluka, anamwino a kwathu anandiitana. Anati ku chipatala china mu Lilongwe kwabwera madokotala akunja a kafukufuku, ofuna kupeza njira yabwino yosokera amayi onga ine. Wolowa nawo ayenera kupitako kangapo kukayezedwa, ndipo madokotalawo sakhalitsa. Ndinati Mulungu wandikumbukira!

Ndinasamba. Ndinamanga zisanza. Ndinakwera minibasi pa Mitundu. Mukudziwa, abale, minibasi sinyamuka isanadzaze. Tinakhala. Tinakhala, dzuwa likutentha. Zisanza zija zinalephera. Bambo wina anatsegula zenera. Mayi wina anatseka mphuno ndi chitenje.

Kondakitala anati, "Mayi, tsikani. Mukundithawitsira makasitomala."

Ndinati, "Pepani achimwene, ndikupita kuchipatala."

"Kakwereni ngolo. Ino ndi bizinesi."

Ndinatsika. Mpando wonyowa, chitenje chonyowa, msika wonse maso pa ine. Manyazi, abale! Manyazi! Ndinalakalaka imfa. Pobwerera ndinadzera m'minda kuti ndisakumane ndi munthu. Anamwino atatumiza uthenga woti madokotala atsala pang'ono kubwerera kwawo, ndinayankha kuti zikomo, minibasi sindidzakweranso.

Mayi Phiri, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, anaimva nkhaniyi kumsika. Anabwera kwathu, anakhala pa mphasa yanga yomweyo imene anthu ankaithawa.

Anati, "Mwana wanga, vuto la kondakitalayo ndi makasitomala? Chabwino. Makasitomalawo tikhala ife."

Ndinakana. Ndinati musadzivute ndi ine. Iwo anangoti, "Ukonzeke Lachinayi."

Lachinayi, m'malo mokumana kutchalitchi monga mwa masiku onse, amayi anakumana pa siteji, atavala zoyera zawo. Ena anali ndi zokagula m'tauni. Ena analibe chokachita n'chimodzi chomwe. Anandiika pakati, n'kudzaza mipando yonse. Kondakitala yemwe uja atandiona anafuna kulankhula. Mayi Phiri anati, "Yadzaza, bambo. Mukudikira yani?" Kondakitalayo anangokoka chitseko.

Amayi aja anaimba njira yonse mpaka mu Lilongwe. Ine mutu pansi, misozi chuchuchu. Mayi wapafupi nane chitenje chake chinanyowa, koma sanasunthe.

Kuchipatala dokotala anandifunsa kudzera kwa womasulira, "Bwanji amayi akumudzi sakubwera? Tikungoona a m'tauni okha. Kwanu vutoli kulibe?"

Ndinati, "Tilipo ambiri. Njira ndi imene imatibweza."

Anandisoka. Ulendo uliwonse wokayezedwa amayi ankasinthana kundiperekeza, mpaka kafukufuku anatha. Lero ndili bwino, aleluya! Ndimalima mtedza wanga, ndimagulitsa pamsika womwe uja. Banja sindinalowenso. Mwana ndilibe. Manyazi sanatheretu, sindikunamizani: ndikaimirira pagulu ngati pano, dzanja limathamangirabe kumbuyo kwa chitenje. Koma ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza amayi aja.

Kuno ku Nathenje msewu ndi watala, minibasi zili mbwee. Komabe mwina pali mayi wina m'midzi yanuyi amene akubisala kuseri kwa nyumba, akuyanika zisanza poti anthu asaone. Abale, alongo, musamuuze kuti pita kuchipatala. Kumene kuli chipatala amakudziwa. Kwerani naye, mukhale naye mpando umodzi.

Ambuye akudalitseni. Ameni.