Ndinkati ndi mayi a Tadala akundigwira

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Ndine Mbewe wa ku Clondalkin kuno kunja, uja amakhala pampando wakumbuyo. Sindine wolankhulalankhula, ndiye mundipirire.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, anatisiya zaka zitatu zapitazo. Ali m'chipatala anandiuza kuti, "Bambo a Tadala, ndikapita musandinyamule kukandiika kumudzi. Mundiike konkuno, mwanayu azibwera kudzandiona." Ndinachita momwemo. Koma kumudzi sizinawakomere. Alamu anga, achimwene ake a malemu, anaimba foni kuchokera ku Ntcheu. "Alamu, mwataya mlongo wathu m'dothi la eni. Munthu wotero sagona. Adzakufunsani yekha." Nawonso anali pachisoni. Koma mawuwo anakhala mumtima.

Chaka chatha, m'mawa wina ndinadzuka mutu ukuwawa, mkono wamanzere utachita dzanzi. Pofika masana dzanzilo linatha. Ndinati ndi kutopa, poti ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, timanyamula anthu tsiku lonse. Ndinapita kuntchito.

Kuyambira tsiku limenelo, abale, ndinayamba kumva munthu akundigwira. Ndili m'basi, wina wandigwira paphewa. Kutembenuka, kumbuyo kulibe munthu. Ndili kukhitchini, wina wandigwira m'nthiti. Kuyang'ana, palibe. Mbali imodzi yokhayokha, kumanzere. Ndipo kumanzere kwanga ndi kumene mayi a Tadala ankakhala, m'tchalitchi, m'basi, paliponse.

Ndine Mkhristu. Ndikudziwa kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu. Koma mantha anandilowa. Ndinkadzifunsa, kodi ndinamva bwino m'chipatala muja? Kapena ankalankhula ndi ululu? Kapena ankangondimvera chisoni, mtima wawo uli kwawo? Kumanda ndinasiya kupita. Chakudya chinasiya kulowa. Abusa sindinawauze, ndinkachita manyazi. Tadala sindinamuuze. Mwana ungamuuze bwanji kuti amayi ako sakugona? Miyezi iwiri, abale, ndili chete.

Lamlungu lina, muno momwemuno, tinkapemphera titatsinzina. Ndinamva dzanja paphewa. Ulendo uwu silinachoke. Linangokhala, lofunda. Ndinangopezeka ndalankhula mokweza, "Mayi a Tadala, ndikhululukireni. Ndikakuperekezani kwanu." Amene munali pafupi munamva.

Tadala ananditulutsa panja. Mukumudziwa, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi chake.

"Adadi, mumalankhula ndi ndani?"

"Amayi ako andigwira paphewa."

"Ndinakugwirani ndine. Koma osati paphewa. Ndinagwira dzanja lanu, apa. Tatsinzinani."

Ndinatsinzina. Anandigwira.

"Ndagwira pati?"

Ndinaloza pachifuwa. Nditatsegula maso, chala chake chinali pachigongono.

Tsiku lomwelo ananditengera kuchipatala. Dokotala anachita zomwezo. Kumanja ndinkaloza molondola, kumanzere ndinkaphonya ponseponse. Anandijambula mutu. Kenako anati ndinadwala sitiroko yaing'ono, tsiku la dzanzi lija. Khungu likumva bwinobwino, koma mbali ya ubongo imene imauza munthu pamene wagwidwa inavulala. Ndiye chikwama cha munthu chikandikhudza pamkono m'basi, ine ndimamva paphewa. Dzanja likagunda tebulo, ndimamva m'nthiti. Anatinso magazi anga ankathamanga kwambiri, ndipo ndikanapitiriza kukhala chete ikanatha kubwera ina yaikulu.

Ndinakhala pabedi paja ndikulira. Namwino ankati ndikulira matenda, ankandilimbitsa mtima. Ayi. Ndinkalira chifukwa mkazi wanga anali chigonere mwamtendere nthawi yonseyi, ine ndikumunamizira.

Sindinachire, ndisakunamizeni. Mpaka lero mukandigwira kumanzere ndimayamba ndayang'ana kaye. Mankhwala ndikumwa tsiku lililonse. Kuchipatala amandiphunzitsa kudzigwira ndikuyang'ana pagalasi, kuti maso athandize thupi. Nthawi zina ndimalondola, nthawi zambiri ayi. Mutu ukangowawa pang'ono, mantha amabweranso, ndimaimbira Tadala. Kuntchito anandichotsa konyamula anthu, tsopano ndimawadyetsa ndi kucheza nawo.

Alamu ndinawaimbira, ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza anati, "Mankhwalawo mukumwa, alamu?" Sitinanenenso zina. Ine sindiwaweruza.

Abale anga, thupi likachita zachilendo, pempherani, komanso uzani munthu. Ine Mulungu anandiyankha ndi dzanja la mwana wanga, koma anadikira mpaka nditatsegula pakamwa.

Loweruka lapitali ine ndi Tadala tinapita kumanda, koyamba chiyambireni zonsezi. Tinazula udzu, tinatsuka mwala. Mvula inkawaza. Ndinagwada ndi kunena kuti, "Gonani, mayi. Ndinachita zimene munandituma." Tinabwerera kunyumba, ndipo ndinadya mpaka kukhuta.

Ndikuthokoza Mulungu. Zikomo nonse pondimvetsera. Amen.