Nkhono Zaziwisi Pamaso pa Mkamwini

Omvera anzanga, ndigawireniko nzeru, mutu wanga waima.

Ndine mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham, kuno kudziko la azungu. Mwana wanga wamkazi ali pa chibwenzi ndi mzungu, ndiye mnyamatayo anatiitanira kumalo odyera nkhono za m'nyanja ku Greenwich kuti tidziwane. Anatikhazika pamipando italiitali, ine moyandikana ndi iyeyo. Paja kwathu mpongozi sadya mkamwini akuona.

Nkhonozo zinabwera zaziwisi, zili pa ayezi. Ine ndinkadikira kuti azitenge akaphike. M'malo mwake mnyamatayo anafinyira ndimu pa imodzi n'kundininkha.

"Amayi, ingokwezani mutu, mumeze," anatero mwana wanga.

Ndiyasamule pamaso pa mkamwini? Komanso kukana chakudya chake n'chipongwe. Basi ndinamufulatira, n'kumeza, n'kutsitsira vinyo amene sindimwa n'komwe.

Nditacheuka, nkhope ya mnyamatayo inali itafiira. Pobwerera m'basi mwana wanga analira: "Akuti mwamukana, simukufuna n'kumuona komwe."

Ine ndinameza chinthu choterera chija pomulemekeza iyeyo! Pano mwana wanga akuti ndikapepese. Omvera, kodi ulemu amaupepesa bwanji?