Ngolo yanga inapita ku yunivesite

M'masiku a chipani chimodzi, inu musanabadwe, mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite boma linkamudyetsa, kumugoneka ndi kumupatsanso kandalama ka sopo. Mng'ono wanga Lekisoni anachoka kuno kwa Kabudula ataonda ngati phesi, koma pa holide anabwera khosi litasowa, akudandaula kuti nkhuku yamukola. Munthu kukoledwa ndi nkhuku, ana inu.

Tsono mdzukulu wanga Tadala atasankhidwa zaka zapitazi, boma linamupatsa loni, ndipo ine ndinavina ndi mawondo omwe mukuwaonawa. Koma chaka chisanathe fizi inakwera, ndipo loni itawonjezeredwa fizi inakweranso, ngati mitengo ya mavenda a pa Nsaru akamva kuti alimi tagulitsa fodya.

Ndinavala jekete la ku tchalitchi n'kukwera minibasi kukafunsa ku ofesi ya yunivesiteyo. Bwana wa mu ofesimo, mnyamata waulemu ndithu, anandifotokozera kuti magetsi adula, mabuku adula, aphunzitsi akufuna malipiro, koma ndisadandaule poti boma likuthandiza ana.

"Bwana," ndinatero ine, "kodi boma likuthandiza mwanayu, kapena likuthandiza inu podzera mwa mwanayu?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi, anandipatsa madzi ozizira, koma fizi sinatsike.

Tadala anabwera kumudzi ataonda, nandiuza kuti sabwereranso, chifukwa loni ikathera ku fizi, ya chipinda ndi chakudya imasowa, ndipo ankagonera mandasi. Tsiku la msika ndinamanga ng'ombe zanga ziwiri pa ngolo, ndipo pobwerera ndinayenda wapansi, ndalama za Tadala zili m'thumba. Mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka mtedza unakhwima. Chimanga cha chaka chimenecho tinatuta pamutu, iwo patsogolo, akulengeza njira yonse kuti ngolo yapita kukaphunzira.

Mwanayo anamaliza. Lero ali pa Namitete, amaphunzitsa alimi za mbewu, ndipo loni ija amamudula mwezi ndi mwezi. Analonjeza ngolo, koma pakali pano wafika pa wilibala, ndipo mayi aja salola munthu kuikhudza.

Ndiye inu amene mukudikira mayeso, sukulu pitani, loni tengani, eti. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Dzina likatuluka, yambani mwalima kamunda ka mtedza, kuvina kudikire.